Kuchokera ku mbuzi kufika ku miyezi 42

Agogo anga, amene anakulira patsinde pa phiri la Mphunzi, ankakonda kukamba za mnyamata wina amene anafa atapsa ndi moto umene mnzake anayatsa posaka mbewa. Mlandu sunakambidwe mpaka anthu atameta. Kenaka eni mbumba a mbali ziwirizo anakhala pabwalo la anyakwawa. Funso loyamba silinali lakuti "zingati?" koma lakuti "kodi mwavomera kuti moto unali wanu?" Atavomera, anapereka mbuzi zachipepeso. Analandira ndi atsibweni a malemuyo, osati bambo ake, pakuti kwathu mwana ndi wakuchikazi. Agogo ankatinso m'masiku a ukapolo banja lolakwa linkatha kupereka munthu wamoyo, kuti malo amene atsala m'mbumba atsekeke.

Mawerengedwe ena anabwera ndi ulendo wa ku Joni. Amuna a ku Dedza atayamba kulembedwa ndi Wenela kukagwira ntchito kumigodi, imfa inkachitikira kutali, ndipo wolakwa analibe mbumba yokhala nayo pabwalo. Kumudzi kunkafika uthenga, mwina ndi kandalama kokatenga kwa DC. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi opitirira 70 amene ankabwerera kwawo. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu a kumigodi, koma misozi ya m'midzi sinaime.

Lero lamulo la chipukuta misozi cha apantchito la 2000 limati wofera pantchito, omudalira alandire malipiro ake a miyezi 42. Pa ngozi ya pamsewu ngati wa M1, khoti limatenga zimene malemu ankapeza pachaka, kuchulukitsa ndi zaka zimene akadagwirabe ntchito, n'kuchotsapo gawo limodzi mwa atatu limene akadadya yekha. Olandira tsopano ndi mkazi, ana ndi ena omudalira, atsibweni amangoperekeza.

Sindilira za kale, chifukwa mbuzi zija mkazi wamasiye sankaziona. Chondivuta n'china. Mlimi wa kachewere wa kuno ku Mphunzi alibe pepala la malipiro, choncho khoti limamuyeza ndi malipiro otsikitsitsa a boma. Ndipo cheke cha inshulansi chimafika popanda munthu wogwada n'kunena kuti moto unali wake.