Njanji ya ku Nayuchi ndi Bwinja la pa Chikala

Njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka kukafika ku Nayuchi idatsegulidwa m'chaka cha 1970. Imaoloka Shire pa Liwonde ndi kudutsa kufupi ndi mapiri a Chikala m'boma la Machinga, isanalowe mu Mozambique kulunjika ku doko la Nacala. Sitimayi ikulowera komwe ankalowera amalonda a Chiyao: kuvuma, kunyanja yamchere. Njira zimenezo zidabweretsa nsalu, mfuti ndi Chisilamu. Zomwezonso zidatulutsa minyanga ya njovu ndi akapolo.

Pa Chikala padali linga la Mfumu Kawinga, lomwe lidagwa m'manja mwa asilikali a Harry Johnston mu 1895. Chaka chomwecho Mfumu Jalasi adachotsedwa paphiri la Mangochi, pomwe Angerezi adamangapo Fort Mangochi. Makoma ake alipobe.

Kodi Msilamu afike motani pamabwinja otere? Funsoli silachilendo. Njanji ya Hejaz, yomwe idafika ku Madina mu 1908, chaka chomwe sitima idafikanso ku Blantyre, inkadutsa pa Al-Hijr, pamene Qur'an imati anthu a Thamud ankasema nyumba m'mapiri. Bukhari ndi Muslim adalemba kuti Mtumiki (SAW), podutsa pamenepo paulendo wa ku Tabuk, adaletsa Maswahaba kulowa m'malo a anthu olangidwawo pokhapokha akulira, ndipo iye adafulumiza ulendo.

Chiletsocho chikukhudza malo omwe chilango cha Allah chidatsikira. Chikala sichili m'gulu limenelo, choncho kupitako nkololedwa. Chotsalira ndi cholinga cha ulendowo, pakuti Surah Ar-Rum ikutilamula kuyenda padziko ndi kuona mathero a omwe adalipo kale.

Apa mphunzitsi wa madrasa ali ndi udindo. Asabise kwa ophunzira kuti atsamunda adabwera ndi mfuti kudzalanda dziko, ngakhale ankati akuthetsa ukapolo. Asabisenso kuti anthu obadwa mfulu adamangidwa magoli ndi kugulitsidwa, pomwe hadith ya mu Bukhari ikuti wogulitsa mfulu nkudya ndalama zake adzatsutsana ndi Allah pa tsiku la Qiyamah. Mwana amene wamva mbali imodzi yokha akamva inayo kwa wonyoza Chisilamu, ndipo adzasowa choyankha.