Zaka 26 akukumba chitsulo chomwe kunalibe

Sabata yathayi ndinapita m'kalasi ya Fomu 3 ndi chithunzi cha mwezi, chija chooneka ngati nkhope ya munthu wodwalapo nthomba. Ndinawauza ana kuti maenje onsewo anakumbidwa ndi miyala yochokera m'mlengalenga. Mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza mkono: "Aphunzitsi, nanga miyalayo ili kuti? Inetu ndikaponya mwala m'matope ndimaupeza pompo." Anzake anaseka, koma ine sindinaseke. Funso lomweli linasokoneza akatswiri kwa zaka zoposa 60, ndipo munthu wina linamudyera chuma chake.

Ku Arizona, m'dziko la America, kufupi ndi tauni ya Winslow, kuli chidzenje chachikulu pakati pa chipululu. M'mimba mwake ndi mamita pafupifupi 1,200, kuya kwake mamita 170. Lero timachitcha Meteor Crater, koma kale ankati Coon Butte. Mozungulira chidzenjecho munali mbwee zidutswa za chitsulo chosakanikirana ndi nickel, ndipo m'chaka cha 1891 wogulitsa miyala wina, Albert Foote, analengeza kuti zidutswazo n'zochokera kumwamba, ndiponso kuti m'kati mwake muli tizidutswa ta dayamondi.

Chaka chomwecho kunapita Grove Karl Gilbert, mkulu wa akatswiri a miyala m'bungwe la boma la United States Geological Survey. Gilbert sanali munthu wamba pa ntchito yake, ndipo anapita akukhulupirira kuti mwina chidzenjecho chinakumbidwa ndi chinthu chogwa kumwamba. Anaganiza chonchi: ngati chimwala chachitsulo chinakwiririka pansi pamenepo, ndiye kuti chikudzaza mbali ina ya dzenjelo, choncho dothi ndi miyala zotayidwa kunja ziyenera kuchuluka kuposa malo otsala opanda kanthu. Komanso chitsulo chochuluka chotere chiyenera kusokoneza singano ya kampasi. Anayeza zonse ziwiri. Dothi lakunja linali lokwanira kungodzaza dzenjelo basi, ndipo singano sinatekeseke. Mu 1896 anasindikiza zomwe anapeza: chidzenjecho chinabwera ndi kuphulika kwa nthunzi yochokera pansi pa nthaka, ndipo zitsulo zija zinangogwerapo mwangozi.

Taonani apa. Kuyeza kwake kunali kolondola, pansipo panalibedi chimwala. Chomwe chinamusocheretsa ndi ganizo la mtsikana wa m'kalasi mwanga lija, loti mwala ukakumba dzenje uyenera kupezeka m'dzenjemo. Chodabwitsa n'chakuti Gilbert yemweyu mu 1893 analemba kuti maenje a kumwezi anakumbidwa ndi zinthu zogwa, pamene anzake ambiri ankati ndi mapiri ophulika.

Kenako kunabwera Daniel Moreau Barringer wa ku Philadelphia, katswiri wa migodi yemwe anali atalemera kale ndi mgodi wa siliva ku Arizona komweko. Atamva za chidzenjecho anati Gilbert walakwitsa, ndipo anawerengera kuti pansipo pagona chitsulo cha matani osachepera 10 miliyoni, chokhala ndi nickel wambiri. Mu 1903 kampani yake ya Standard Iron Company inatenga malowo, ndipo ntchito yokumba inayamba.

Umboni womwe Barringer ndi mnzake Benjamin Tilghman anasonkhanitsa n'kusindikiza mu 1906 unali wabwino zedi. Anaonetsa kuti miyala ya mchenga ya pansipo inaperedwa mpaka kusalala ngati ufa woyera, kuti m'mphepete mwa dzenje miyala inatembenuzika, yakunsi kukhala pamwamba, kuti zidutswa za chitsulo zinasakanikirana ndi dothi lotayidwa kusonyeza kuti zonse zinachitika nthawi imodzi, ndiponso kuti pamalopo palibe chiphalaphala ngakhale pang'ono. Akatswiri ambiri sanamumvere. Mwina chifukwa ankalemekeza Gilbert, mwinanso chifukwa Barringer anali waukali polankhula ndipo aliyense ankadziwa kuti akufuna ndalama.

Pofika 1908 anali atabowola maenje 28 pansi pa chidzenjecho, osapeza chimwala. Anayesa kukumba mgodi, koma madzi ndi mchenga wotitimira zinawaletsa. Apa Barringer anachita kafukufuku amene ndimamukonda naye ngakhale anamunamiza: anawombera mfuti m'matope mopendeketsa, n'kuona kuti chipolopolo chimasiya bowo lozungulira koma icho chimakaima cha kumbali. Anati basi, chimwala chinabwera chopendekeka kuchokera kumpoto, ndiye chili kunsi kwa khoma la kumwera. Kampani ina ya migodi inaika ndalama, anabowola pamwamba pa khomalo, ndipo mu 1922 chobowolera chinakanirira pa mamita 419, osatulukanso. Barringer anati chakanirira m'chitsulo. Anthu ena anasonkhanso ndalama, mu 1928 anayamba mgodi wina, nawonso unadzaza madzi.

Eni ndalama atatopa anapempha katswiri wa masamu ndi zakuthambo, Forest Ray Moulton, kuti awerengere kukula kwa chitsulocho. Yankho linabwera mu 1929. Moulton anati chinthucho chinali chaching'ono kwambiri kuyerekeza ndi maloto a Barringer, matani 300,000 mwina, ndipo mphamvu ya kugunda kwake inali yokwanira kuchiphwanya ndi kuchisandutsa nthunzi. Ntchito inaima. Pa 30 November 1929 Barringer anamwalira ndi matenda a mtima, ntchitoyo itadya ndalama pafupifupi madola 600,000.

Tsono tiyeni tichite masamu a Moulton mwachidule, poti ndi a Fomu 3 omwewa. Mphamvu ya chinthu choyenda ndi theka la kulemera kwake kuchulukitsa ndi liwiro kawiri. Liwiro likawirikiza kanayi, mphamvu imawirikiza ka 16. Chinthu chothamanga makilomita 3 pa sekondi chimakhala ndi mphamvu yofanana ndi bomba la TNT lolemera chimodzimodzi. Chitsulo cha ku Arizona, chomwe chinali cha mamita pafupifupi 50 m'mimba mwake ndipo chinagwa zaka 50,000 zapitazo, chinafika pa liwiro la makilomita 12 kapena kuposerapo pa sekondi. Ndiye kuti kilogalamu iliyonse ya chitsulocho inanyamula mphamvu ya makilogalamu 16 kapena 17 a TNT. Chinthu chotere chikaimitsidwa mwadzidzidzi ndi thanthwe, mphamvu yonseyo iyenera kupita kwinakwake. Funde la kupanikizika limalowa m'nthaka, lina limabwerera m'chitsulo momwemo, ndipo pasanathe sekondi imodzi chitsulocho chaphwanyika, chasungunuka, china chasanduka nthunzi n'kuulukira kunja pamodzi ndi dothi. Chomwe chimakumba dzenje ndi kuphulikako. N'chifukwa chake dzenje limakula kuposa mwala maulendo 20 kapena kuyandikira apo, ndipo limakhala lozungulira ngakhale mwala ubwere chopendekeka. Chipolopolo cha Barringer sichinkafika ngakhale kilomita imodzi pa sekondi, n'chifukwa chake chinkatsala m'matope.

Chondisangalatsa ine monga mphunzitsi n'chakuti mmodzi mwa anthu oyamba kufotokoza zimenezi anali mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya sekondale ya Wellington College ku New Zealand, Algernon Charles Gifford, yemwe analemba za maenje a kumwezi mu 1924. Ernst Öpik wa ku Estonia anali atanenanso zofanana mu 1916, koma ochepa ndiwo anawerenga.

Chitsulo cha Barringer chinapezeka ndithu, koma osati momwe iye ankafunira. M'zaka za m'ma 1940, Harvey Nininger anayenda mozungulira chidzenjecho ndi maginito, n'kutola m'dothi timibulu tating'onoting'ono ta chitsulo ndi nickel, ngati mchenga, totsala pamene chitsulo chosungunuka chinazizira m'mwamba n'kugwa ngati mvula. Barringer anakhala akuchiponda zaka zonse zija. Zidutswa zazikulu zomwe anthu atola n'zokwana matani pafupifupi 30, ndipo chachikulu kwambiri chimalemera makilogalamu 639. Mkangano wonse unatha mu 1960 pamene Edward Chao ndi Eugene Shoemaker anapeza m'miyala ya pamalopo mtundu wa quartz wotchedwa coesite, womwe umapangika pokhapokha mwala ukapanikizidwa koopsa kuposa mmene phiri lophulika lingachitire. Shoemaker anali ataonanso kuti chidzenjecho n'chofanana ndi maenje osiyidwa ndi mabomba a nyukiliya oyesedwa ku Nevada.

Kumwezi nkhani ndi yomweyi, ndipo n'koposa, chifukwa kulibe mpweya wochepetsa liwiro. Dothi lomwe a Apollo anabweretsa lili ndi zotsalira za miyala yogwa zosakanikirana ndi fumbi, kagawo kakang'ono pa 100 aliwonse. Nacho chimwala cha makilomita 10 chomwe chinagwa ku Chicxulub, Mexico, zaka 66 miliyoni zapitazo, chinamwazika dziko lonse, ndipo Luis ndi Walter Alvarez ndi anzawo anachizindikira mu 1980 ndi iridium wopezeka mu kamzere kopyapyala ka dongo. Nthawi zina kachidutswa kamapulumuka: mu 2006 akatswiri analengeza kuti pobowola pa chidzenje chakale cha Morokweng ku South Africa anapeza chidutswa cha masentimita 25 pa kuya kwa mamita 770.

Mtsikana uja ndinamuyankha mawa lake, ndipo anandipanikizanso: nanga bwanji miyala ina imapezeka yathunthu? Ndinamuuza za Hoba ku Namibia, chitsulo cha matani 60, ndi cha ku Mbozi kumwera kwa Tanzania, kufupi ndi malire athu a kumpoto. Zonsezi n'zazing'ono moti mpweya unazichepetsa liwiro zisanafike pansi, ndipo pomwe zagonapo palibe chidzenje. Chidzenje cha ku Arizona mpaka lero ndi cha banja la Barringer, ndipo alendo amalipira pachipata kuti akachione.