Mthuthuthu Wosanena Thuthuthu

Chaka cha 2002 chidandipeza ku Johannesburg, m'galaja ina yaing'ono yokonzera njinga zamoto, komwe ndidayamba ngati wotsuka zitsulo ndi kusesa pansi kufikira nditaphunzira kugwira sipanala. Tidalipo Amalawi awiri pamalopo. Loweruka lililonse m'mawa pabwalo pa galajayo pankadzaza madoda a mimba zawo, ovala majekete achikopa ngakhale dzuwa liswe mtengo, aliyense atakhazika chinjinga chake cha Harley-Davidson pamthunzi. Ambiri sankabwera kudzakonzetsa kanthu. Ankabwera kudzamwa khofi, kudzanamizana za maulendo awo ndi kudzamvetsera kulira kwa injini za anzawo.

Mmodzi mwa iwo, amene ine ndi mnzanga tidawapatsa dzina loti a Mandevu, adali ndi chizindikiro cha kampaniyo chodindidwa pamkono ndi singano. Tsiku lina adandifunsa kuti njinga yamoto timaitchula chiyani kwathu.

"Mthuthuthu, bwana," ndidayankha.

Adandiuza kuti ndibwereze katatu konse, kenaka adaseka mpaka misozi. "Anthu akwanu ndi anzeru," adatero. "Adadziwa kuti njinga ndi kulira kwake. Zina zonsezi n'zitsulo chabe."

Patapita miyezi ingapo, mnyamata wina wogwira ntchito yowerengera ndalama adatulukira pabwalopo ndi njinga yonyezimira ngati ndalama yasiliva, yaitali, yogona pansi. Inkalembedwa dzina lomwelo la Harley-Davidson, koma pabwalo ponse padangoti zii. A Mandevu adaizungulira kawiri, nagwada kutsogolo kwa injini, naloza redieta ndi chala osaikhudza. Atadzuka adangoti, "Iyi si Harley." Mnyamata uja adamwa khofi wake ali yekha.

Njingayo inali V-Rod. Tsiku limenelo sindidamvetse chomwe idalakwa. Zidanditengera zaka zomvetsera nkhani za madodawo ndi kuwerenga magazini akale omwe ankatayidwa m'galajamo kuti ndizindikire kuti mkangano udali wa mbiri, osati wa zitsulo.

Kampaniyi idabadwira m'kashedi ka matabwa mumzinda wa Milwaukee, m'chigawo cha Wisconsin ku Amereka, m'chaka cha 1903. Oiyambitsa adali William Harley ndi anyamata atatu apachibale, Arthur, Walter ndi William Davidson. Mu 1909 adatulutsa injini ya masilinda awiri oima ngati chilembo cha V, otalikirana ndi madigiri 45, yozizira ndi mphepo yokha. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kampaniyi idapangira asilikali njinga pafupifupi 90,000, ndipo anyamata ambiri atabwerako kunkhondo adafuna njinga yonga yomwe adaizolowera. Kampani ya Indian, yomwe ankalimbana nayo pamsika, itatseka fakitale yake mu 1953, Harley idatsala yokha ngati njinga yaikulu ya Amereka.

Kulira komwe a Mandevu ankakulambira kuli ndi chifukwa chake. M'injini yakaleyi mikono ya mapisitoni onse awiri imagwira pachikhomo chimodzi, kotero kuti kuphulika kwa petulo sikubwera motsatana mofanana. Silinda yoyamba ikaphulika, yachiwiri imatsatira injini itazungulira madigiri 315, ndipo yoyamba ija imabwereza patatha madigiri ena 405. N'chifukwa chake njingayo ikaima ikulira imamveka ngati ikutsimphina, ngati mtima wa munthu amene wangokwera phiri. Kwa makaniko, kutsimphinako n'chilema chobwera ndi mapangidwe akale. Kwa eni njinga, ndi liwu la kwawo.

Chikondi chimenechi chidayesedwa koopsa kuyambira mu 1969. M'chaka chimenecho kampani ya AMF idagula Harley, ndipo m'chaka chomwecho Honda ya ku Japan idayamba kugulitsa CB750, njinga ya masilinda anayi, yothamanga, yosadontha oyilo ndiponso yotsika mtengo. Eni atsopano a Harley adachulukitsa njinga mofulumira, ubwino wake nkutsika. Madoda a pabwalo paja ankasimba akuseka kuti masiku amenewo munthu ankadziwa pomwe padagona Harley poona dontho la oyilo pansi. Ogula ambiri adathawira ku njinga za ku Japan. Koma ena adakakamira, namakonza okha njinga zawo usiku, potsata mwambi uja wakuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Mu 1981 akuluakulu 13 a kampaniyi, motsogozedwa ndi Vaughn Beals komanso Willie G. Davidson, mdzukulu wa mmodzi wa oyambitsa aja, adaiwombola kwa AMF pamtengo wa madola pafupifupi 80 miliyoni, zambiri mwa izo zangongole. Mu 1983 pulezidenti Ronald Reagan adawatchinjiriza poika msonkho wokwera pa njinga zakunja za injini zoposa 700cc. Mu 1984 adatulutsa injini yatsopano yotchedwa Evolution, ya 1340cc, yolimba ndi yosadontha, koma yosunga madigiri 45 aja ndi kuzizira ndi mphepo. Zinthu zidayenda bwino mwakuti mu 1987 kampaniyo idapempha yokha boma kuti lichotse msonkho uja nthawi yake isadakwane.

Nzeru yomwe idawapulumutsa njofunika kuimvetsa, pakuti ndi yomweyo idadzawamanga miyendo. Iwo adaona kuti sangapose Ajapani pa liwiro kapena pa mtengo, choncho adasankha kugulitsa chinthu chomwe Ajapaniwo adalibe, chomwe ndi mbiri. Njinga ya Softail ya mu 1984 idabisa masipuling'i ake akumbuyo kunsi kuti izioneka ngati njinga zouma msana za m'ma 1940, chonsecho ili yofewa pokwera. Mu 1983 adakhazikitsa bungwe la eni njinga lotchedwa Harley Owners Group, lomwe pofika cha m'ma 2006 lidali ndi mamembala oposa 1 miliyoni. Mu 1994 adafika popempha boma kuti kulira kwa injini yawo kulembetsedwe ngati chizindikiro chawochawo. Makampani ena adatsutsa, ndipo pempholo adalichotsa mu 2000. Kwa zaka makumi awiri, kampani idakhala ikuphunzitsa ogula ake kuti Harley yeniyeni ndi ya madigiri 45, yopuma mphepo, yolira motsimphina. Ophunzirawo adakhoza mayeso.

Komatu walira mvula walira matope. Mu 1987 theka la okwera Harley lidali la anthu osafika zaka 35. Pofika mu 2005 wogula wapakatikati adali ndi zaka pafupifupi 47. Anthu omwewo ndi amene ankabwerabe kusitolo, imvi zikuchuluka chaka ndi chaka, ana awo akugula njinga zina. Nawonso malamulo oletsa utsi ndi phokoso ankakhwima ku Ulaya ndi ku Amereka, ndipo injini yozizira ndi madzi ndi yomwe imakwanitsa malamulo otere mosavuta, popeza kutentha kwake sikusinthasintha. Akuluakulu a ku Milwaukee adaona kuti akapanda kubzala mtengo wina, adzatsala ndi chitsa.

Mtengo umenewo udali V-Rod, yomwe adaionetsa mu 2001 ngati njinga ya chaka cha 2002. Injini yake, yotchedwa Revolution, idachokera ku njinga yawo yampikisano ya VR1000, ndipo adaikonza mothandizana ndi akatswiri a kampani ya Porsche ya ku Germany. Inali ya 1130cc, masilinda ake otalikirana ndi madigiri 60, yozizira ndi madzi, yotulutsa mphamvu za akavalo 115, zomwe Harley iliyonse yapamsewu inali isadafikepo. Thanki ya petulo idali pansi pa mpando. Olemba magazini a njinga adaiyamikira kwambiri.

Koma pabwalo pathu paja milandu yake idali itatu. Woyamba, imamwa madzi ngati galimoto. Wachiwiri, mtima wake udapangidwa ndi alendo. Wachitatu, womwe udali waukulu, siinkanena thuthuthu. Harley yakale imakoka mwamphamvu injini ikuzungulira pang'onopang'ono, munthu ali phee ngati mfumu pampando. V-Rod inkafuna kuikwiyitsa, pakuti mphamvu zake zonse zinkabwera injini ikapitirira maulendo 8,000 pamphindi, ndipo pamenepo inkalira mosalala ngati njinga zomwe madodawo adakhala akuzinyoza moyo wawo wonse. Doda lina lidati kampani yawachita ngati bambo amene wakwatira mtsikana nayamba kuvala zachinyamata.

Sadapite kukachita zionetsero ku Milwaukee. Adayankha ndi matumba awo. Nthawi yosintha njinga ikakwana ankadutsa V-Rod pakhomo la sitolo osaicheukira, nakagula Road King, Fat Boy kapena Electra Glide. Ndipo kwa kanthawi zidaoneka ngati iwo ndiwo adalondola, chifukwa mu 2006 kampaniyo idatumiza kumisika njinga pafupifupi 349,000, chiwerengero chomwe inali isadachifikepo, zochuluka mwa izo zamtundu wakale womwewo.

Achinyamata omwe V-Rod idapangidwira nawonso sadabwere mwaunyinji. Mtengo wake ku Amereka udali pafupifupi madola 17,000, pamene wofuna liwiro akadapeza njinga ya ku Japan yothamanga koposa pa ndalama zocheperapo. Ndipo amene adalimba mtima naigula adakumana ndi zomwe adakumana nazo mnyamata wathu uja. Iye adabwera pabwalopo Loweruka lina ndi linzake, kenaka adayamba kubwera pakati pa sabata, pomwe madoda kulibe. Patatha zaka ziwiri adaigulitsa nagula njinga ya kampani ina. Adandiuza kuti njingayo adalibe nayo chifukwa, koma kuti adagula dzinalo pofuna abale, ndipo abalewo adamukana. Kampani idamanga khomo latsopano, koma alonda a pakhomopo adali anthu osafuna alendo. V-Rod idapeza oikonda ku Ulaya ndi ku Australia, idakulitsidwa injini mu 2008, ndipo idasiya kupangidwa mu 2017.

Mavuto a zachuma a mu 2008 atagwa, chiwerengero chija chidatsika kufika pa 223,000 mu 2009, ndipo sichidabwererenso pachimake. Kampani idayesanso makomo ena. Mu 2014 idatulutsa njinga zazing'ono za Street 500 ndi Street 750, zina zopangidwira ku Bawal m'dziko la India, ndipo okhulupirika adazitcha zidole. Mu 2019 idabwera LiveWire, yoyendera magetsi, ya madola 29,799, yopanda thuthuthu ngakhale wonamizira. Mkulu wa kampani amene adalimbikira njira yofuna ogula atsopanoyi, Matt Levatich, adachoka pampando mu February 2020, chaka chomwe njinga zotumizidwa zidangokwana 145,000. Womulowa m'malo, Jochen Zeitz, adachepetsa mitundu ya njinga nabwezera mtima pa zikuluzikulu zodula zomwe madoda amakonda. Komabe ndi m'nthawi yake momwe mu 2021 mudatuluka Pan America ndi Sportster S, zonse za injini ya madigiri 60 yozizira ndi madzi, ndipo Sportster yakale yopuma mphepo, ya mtundu womwe udayamba mu 1957, idalekeka mu 2022. Njira yomwe V-Rod idalambula ikulumidwa ndi minga, ena adadzayendamo atavala nsapato.

Ndili mnyamata ndinkawaona madoda aja ngati nkhutukumve. Lero, imvi zitandipeza nanenso, ndimawaweruza mofatsa. Ndi iwo amene adanyamula kampaniyo pamsana m'zaka za oyilo wodontha, pomwe anzeru onse adali atathawa. Munthu amene wadinda dzina la kampani pakhungu lake sangalisinthe ngati malaya, choncho kampaniyo ikasintha tanthauzo la dzinalo, iye amamva ngati yamusinthira mkono wake womwe osamufunsa. Kumbali inayi, akuluakulu a ku Milwaukee sadalakwe masamu, pakuti kukhulupirika sikubala ana. Mbali zonse ziwiri zinkafuna kuti dzinalo lisafe. Zidasiyana pa funso lakuti dzinalo limakhala pati, m'zitsulo, m'kulira kapena mwa anthu.

Yankho lomwe ndidaliona ndi maso anga lidabwera mu 2014, nditatsala pang'ono kubwerera kwathu. A Mandevu, ndevu zitayera mbuu, adafika ndi Ultra Limited yatsopano, chinjinga cholemera ngati ng'ombe, cha madigiri 45 monga mwa mwambo. Adandipatsa kuti ndiipukute. Nditagwada kumiyendo kwake, m'zotchingira mawondo muja, ndidapeza tiredieta tiwiri tobisika, kena kumanja kena kumanzere. Kampani inali itangoyamba kumene kuziziritsa mitu ya masilinda ndi madzi pa njinga zake zina zazikulu, koma idabisa zipangizozo monga idabisira masipuling'i a Softail zaka 30 m'mbuyomo.

"Bwana," ndidatero motsitsa mawu, "njinga yanuyi ikumwa madzi."

Adandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adati, "Iliza."

Ndidailiza. Idatsimphina monga mwa kale, galasi la pawindo la galaja nkumanjenjemera.

"Ikuti chiyani m'chinenero chakwanu chija?"

"Ikuti thuthuthu, bwana."

"Nanga madziwo wawamva?"

"Iyayi, bwana."

"Ndiye pukuta njinga," adatero a Mandevu, napita kukathira khofi.