Mbiri ya midzi ya mayina oseketsa: ena amadyerapo, ena anatopa nawo

Kumadzulo kwa tauni ya Aberfeldy ku Scotland, m'chigwa cha mtsinje wa Tay, kuli kamudzi ka msewu umodzi komwe anthu ake sakwana n'komwe 100. Polowera m'mudzimo pali chikwangwani cholandira alendo, ndipo si zachilendo kuona galimoto itaima pambali, anthu akutsika kuti adzijambulitse pamenepo. Mudziwo ndi Dull. M'Chingerezi mawuwa amanena chinthu chozizira, chosasangalatsa. Pansi pa dzinalo analembapo kuti mudziwu uli pa ubale ndi Boring wa ku Oregon, ku America, ndipo Boring ndiye uja achinyamata athu amati "zobowa".

Amene anatcha mayinawa sankachita nthabwala. Dull ndi dzina lakalekale, la m'zilankhulo zomwe zinkayankhulidwa kumeneko Chingerezi chisanafike, ndipo akatswiri ambiri amati linkatanthauza dambo. Malowa ankalemekezeka chifukwa panali nyumba ya amonke yomwe mbiri imaigwirizanitsa ndi Adomnán woyera, amene anamwalira mu 704. Boring ndi dzina la munthu. William Harrison Boring anali msilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, anakakhazikika ku Oregon mu 1874, ndipo anapereka malo ake kuti pamangidwe sukulu. Pofuna kumuthokoza, anthu anatcha deralo dzina lake. Phwete linadza pambuyo, ndipo linadza ndi alendo owerenga chikwangwani m'chilankhulo chawo.

N'chifukwa chake mbiri ya kuseka mayina a midzi imayendera limodzi ndi mbiri ya maulendo. Anthu akadali kubadwira ndi kufera m'mudzi umodzi, panalibe woseka. Njanji itabwera, zinthu zinasintha, ndipo ena mwa oyamba kuona kuti apa pali ndalama anali a pa chilumba cha Anglesey ku Wales. Mudzi wawo unkatchedwa Llanfair Pwllgwyngyll, kutanthauza tchalitchi cha Mariya woyera cha pa dziwe la mitengo ina yoyera. Siteshoni ya sitima inatsegulidwa kumeneko mu 1848, koma apaulendo ankangodutsa. M'zaka za m'ma 1860 dzinalo linatalikitsidwa dala, ndipo anthu amati nzeruyi inali ya telala wina wa m'mudzimo. Linakhala Llanfairpwllgwyngyllgogerychwyrndrobwllllantysiliogogogoch, la zilembo 58. Mpaka lero mabasi a alendo amaima pa siteshoniyo kuti anthu ajambule chikwangwani chotalika kuposa chitseko cha nyumba, pomwe eni mudzi amangoti Llanfairpwll, basi.

Ku Norway, pafupi ndi mzinda wa Trondheim, kuli mudzi wa Hell. Dzinali linachokera ku mawu akale a kumeneko onena phanga la m'thanthwe, koma kwa wodziwa Chingerezi ndi Gehena. Nako alendo amatsika sitima kuti akajambule siteshoni itakutidwa ndi chipale chofewa. Mu 1990 mtsikana wa kumeneko, Mona Grudt, anapambana mpikisano wa Miss Universe, ndipo nyuzipepala za maiko ambiri zinasangalala kulemba kuti chiphadzuwa cha dziko lonse chachokera ku Gehena.

Wailesi inabweretsa kachitidwe kena, koti tauni isinthe dzina mwadala kuti itchuke. Mu Malichi 1950 muulutsi wina wotchuka wa ku America, Ralph Edwards, analengeza kuti pulogalamu yake ya mafunso ikamakwanitsa zaka 10 adzaiulutsira m'tauni iliyonse yomwe ingavomere kutenga dzina la pulogalamuyo. Anthu a Hot Springs ku New Mexico anavota n'kuvomera. Pa 31 Malichi tauniyo inakhala Truth or Consequences, kutanthauza kuti nena zoona, apo ayi uona zotsatira zake, ndipo pa 1 Epulo pulogalamuyo inaulutsidwa kuchokera kumeneko. Edwards sanawataye. Kwa zaka 50 ankapita m'tauniyo mwezi wa Meyi uliwonse kukachita nawo chikondwerero. Eni ake masiku ano amangofupikitsa kuti T or C.

Nkhani ya Dull ndi Boring ndi ya nthawi ya intaneti, koma inayambira pa njinga yakapalasa. Mayi wina wa dera la Aberfeldy, Elizabeth Leighton, ali pa ulendo wa panjinga ku America anadutsa ku Boring, naona chikwangwani, nakumbukira kamudzi ka kwawo. Uthenga unafika kwa akuluakulu a madera awiriwa, ndipo mu Juni 2012 komiti ya chitukuko ya ku Boring inavota kuti ubalewo ukhazikitsidwe. Panali vuto limodzi: Boring ali ndi anthu pafupifupi 8,000, pomwe Dull ndi nyumba zowerengeka, choncho sakanalembedwa ngati matauni apachibale monga zimakhalira ndi mizinda yofanana kukula. Anangogwirizana pa ubwenzi, ndipo zinakwanira. Mu 2013 nyumba ya malamulo ya Oregon inakhazikitsa 9 Ogasiti kukhala tsiku la Boring ndi Dull, bwanamkubwa John Kitzhaber nasainira. Pa tsikulo anthu a ku Boring amasonkhana pabwalo, kudya ayisikilimu ndi kumvera chitoliro cha ku Scotland chija choimbira ndi thumba la mpweya kukhwapa.

Chaka chomwecho cha 2013 a khonsolo ya Bland ku New South Wales, m'dziko la Australia, anapempha kuti alowe nawo m'gululi. Bland m'Chingerezi ndi chinthu chosamveka kukoma, ngati ndiwo zopanda mchere. Komatu mwini dzinalo moyo wake sunali wozizira. William Bland anali dokotala wa asilikali a pamadzi a Britain. Mu 1813 anawombera mnzake n'kumupha ku Bombay, awiriwo atagwirizana kuthetsa mkangano wawo ndi mfuti. Anamutumiza ku Australia ngati mkaidi, anafika ku Sydney mu 1814, ndipo pambuyo pake anakhala dokotala wolemekezeka komanso wandale. Madera atatuwa anapeza chomwe midzi yambiri yaing'ono imachisowa, chifukwa choti mlendo aime, amwe tiyi, agule kanthu.

Koma si onse omwe amaseka nawo, ndipo mbali imeneyi ndi imene imandikhudza kwambiri. Kumpoto kwa mzinda wa Salzburg ku Austria, kufupi ndi malire a Germany, kuli kamudzi ka anthu pafupifupi 100 komwe lero kamatchedwa Fugging. Dzina lake lakale linkasiyana ndi ili pa zilembo ziwiri zokha, ndipo m'Chingerezi ndi mawu otukwana oti sitingawalembe m'nyuzipepala yowerengedwa ndi ana. M'Chijeremani mulibe chonyansa chilichonse m'dzinalo. Limapezeka m'zolembedwa za m'chaka cha 1070, ndipo amati linkatanthauza anthu a Focko, mkulu wina wakale wa m'deralo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, asilikali a Britain ndi America omwe anali ku Salzburg anatulukira chikwangwanicho, mbiri n'kuwanda.

Kuyambira pamenepo alimi a m'mudzimo sanaonenso mtendere. Zikwangwani zinkabedwa usiku, ndipo chilichonse chinkadya ma euro pafupifupi 300 a misonkho ya anthu. Mu 2004 anakambirana zosintha dzina, koma ambiri anakana, poti ndi dzina la makolo awo. Mu 2005 anawotcherera zikwangwanizo ku zitsulo n'kuzizika mu simenti. Kenaka kunabwera mafoni a makamera, ndipo alendo ena anayamba kudzijambula akuchita zolaula pansi pa chikwangwani, masanasana, pamsewu womwe ana amadutsa. Mu Novembala 2020 khonsolo ya Tarsdorf, yomwe imayang'anira mudziwo, inavomereza kusintha, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2021 dzina lomwe linakhalapo zaka zoposa 900 linachoka pa mapu.

Anzawo a ku Shitterton, m'chigawo cha Dorset ku England, anasankha kulimba mtima. Dzina lawo lilidi ndi tanthauzo la zachimbudzi, chifukwa kale mtsinje wa pamenepo ndi umene unkatenga zonyansa za m'mudzi, ndipo linalembedwa kale m'kaundula wa mfumu wa mu 1086 wotchedwa Domesday Book. Atatopa ndi akuba zikwangwani, mu 2010 anthu a m'mudzimo anasonkha mapaundi 20 aliyense, nagula mwala wolemera tani imodzi ndi theka, nagobapo dzinalo, nauika polowera m'mudzi. Woti aunyamule pa galimoto yake sanapezeke.

A ku Wales ndi a ku New Mexico anadzisankhira okha kusekedwa. A ku Dull, Boring ndi Bland anaona kuti anthu akuseka kale, iwo n'kulowa m'bwalo kuvina nawo, ndipo palibe yemwe anataya ulemu. A ku Fugging sanafunsidwe ndi aliyense ngati akufuna kusekedwa. Anasiya dzina la makolo awo chifukwa cha anthu ongodutsa, omwe ambiri mwa iwo sanapereke n'komwe moni kwa mwini mudzi. Eni mudziwo analakwiridwa.