Mawu Amene Amaumba Wantchito ku India

M'Chichewa timasiyanitsa munthu wophunzira ndi munthu wanzeru. Wina ali ndi masatifiketi, wina amadziwa kukhala ndi anthu. Ku India kusiyana kotereku kuli ndi mayina ake akalekale, ndipo aphunzitsi a kumeneko amawatchulabe pokonzekeretsa achinyamata ntchito za udokotala, uinjiniya ndi zowerengera ndalama.

Buku lakale la Mundaka Upanishad limagawa vidya, kapena kuti chidziwitso, pawiri. Apara vidya ndi zonse zimene munthu angaphunzitsidwe ndi kuloweza, monga malamulo a chilankhulo ndi kayendedwe ka nyenyezi. Para vidya ndi kuzindikira chinthu chosatha, chimene sichiwonongeka. Maphunziro a ntchito a masiku ano ali m'gulu loyambalo. Palibe akulinyoza, koma palokha silikwanira munthu.

Nanga munthuyo ndi wotani? Buku la Taittiriya Upanishad limayankha ndi chiphunzitso chotchedwa panchakosha. Pancha ndi zisanu, kosha ndi chimake, ngati cha mpeni. Kunja kuli annamaya, thupi lomangidwa ndi chakudya. Kenaka pranamaya, mpweya ndi mphamvu ya moyo. Manomaya, maganizo ndi zimene mtima umamva. Vijnanamaya, nzeru yosiyanitsa choyenera ndi chosayenera. Ndipo m'kati mwenimweni muli anandamaya, chimwemwe chozama. Taganizani za wophunzira udokotala amene wakhoza mayeso onse koma sagona mokwanira, sadya, ndipo amakalipira odwala. Malinga ndi mawuwa, sukulu yanola chimake chimodzi ndi kusiya zinayi. N'chifukwa chake ndondomeko ya maphunziro a ana aang'ono imene India inatulutsa mu 2022 inatsamira pa panchakosha.

Kaphunziridwe nako kali ndi masitepe atatu: shravana, kumvetsera mphunzitsi, manana, kusinkhasinkha mpaka kukayika kuthe, ndi nididhyasana, kukhazikika pa chimene wamvacho mpaka chilowe m'magazi. Woloweza notsi usiku wa mayeso amathera pa loyamba.

Mu 1937, pamsonkhano wa ku Wardha, Mahatma Gandhi anabweretsa Nai Talim, kutanthauza maphunziro atsopano. Ankafuna kuti ntchito yamanja, makamaka kupota thonje, ikhale phata la sukulu, mwana aziphunzira masamu powerenga utali wa ulusi umene wapota. Ndondomeko ya maphunziro ya 2020 inabwezeretsa kafungo kameneka: ana a kalasi 6 mpaka 8 azikhala masiku 10 opanda zikwama za mabuku, akuphunzira kwa akalipentala, oumba mbiya ndi olima m'dimba.

Ndalama sizinasiyidwe kunja. Pa zolinga zinayi za moyo, zotchedwa purushartha, artha ndi chuma, ndipo kuchifuna si tchimo. Chimangoyenera kuyenda m'malire a dharma, udindo ndi chilungamo. Injiniya alandire malipiro ake, koma asachepetse simenti ya mlatho.

Komabe liwu lina lili ndi chipsera. Lero svadharma amalimasulira kuti ntchito yogwirizana ndi chibadwa ndi luso la munthu, ndipo alangizi amaligwiritsa ntchito pothandiza achinyamata kusankha njira. Kale linkamangirira munthu ku ntchito ya fuko limene wabadwiramo, mwana wa wosesa n'kukhala wosesa. Nayonso nyumba ya mphunzitsi, gurukula, sinali yotsekukira aliyense. B. R. Ambedkar, wobadwira m'fuko la Mahar limene linkayesedwa losakhudzika, anakaphunzira ku yunivesite ya Columbia ndi ku London, nadzatsogolera komiti yolemba malamulo oyendetsera dziko la India, amene anayamba kugwira ntchito mu 1950. Svadharma yakale ikanamuletsa. Choncho mphunzitsi wa lero akamatchula liwuli m'kalasi, azifunsa wophunzira chimene manja ndi mtima wake zimakonda, osati ntchito ya bambo ake.