Nyumba ya agogo ku Old Town: tisanasainire, timvane kaye

Abale anga, inu a kumudzi kuno ndi inu a ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, ndalemba pano chifukwa pa foni timangodulana mawu. Nkhani mukuidziwa. Pabwera munthu wofuna kugula puloti ya agogo ku Old Town, akuti agwetse nyumba ija amangepo malo ogona alendo. Achimwene aakulu avomera kale mumtima, ndawamva kayankhulidwe kawo. Ine sindinavomere. Ndine mlimi wa mpunga chabe, koma ndiloleni ndifotokoze.

Tadzifunsani kaye: Karonga yathuyi, yomwe mbiri yake ana amailemba pa mayeso dziko lonse, ili ndi nyumba zingati zakale zoti mungamulozere mwana?

Kampani ya African Lakes, ija tinazolowera kuitcha Mandala, inatsegula sitolo yake kuno mu 1884. Inkagula minyanga ya njovu, ndipo katundu wotsika pa sitima ankakwera msewu wa Stevenson kulowera ku nyanja ya Tanganyika. Mu 1887 nkhondo ya Mlozi inabuka, Fotheringham nʼkuzunguliza sitoloyo ndi mpanda. Chaka chomwecho Angonde ambiri anaphedwa ku Kambwe, atathawira mʼbango adani nʼkuliyatsa moto. Lugard, yemwe pambuyo pake anakalamulira Nigeria, anavulazidwa konkuno mu 1888. Zinatha mu Disembala 1895 pamene Harry Johnston anaphwanya linga la Mlozi ku Mpata ndi mizinga, mwiniwakeyo nʼkunyongedwa. Malinga a Mlozi, Kopakopa ndi Msalemu anali a mitengo ndi dothi, ndiye dothi linabwerera ku dothi. Sindikuwalira ayi, anali malo ogwirira anthu ukapolo. Koma mwana wa lero akamadutsa pa Mpata pa kabaza amangoona midzi ndi minda, sadziwa kuti makolo ake anakhetsa magazi pamenepo.

Tsono pitani ku Blantyre. Mandala House inamangidwa mu 1882, zaka ziwiri zokha sitolo ya kuno isanatsegulidwe, ndipo ilipobe. Mʼmwamba muli laibulale ya Society of Malawi, pansi anthu amamwa tiyi pakhonde. Ku Livingstonia, Stone House ya Dr Laws ya mu 1903 ikadali chilili. Mʼmene ndikuonera ine, nyumba zimenezi zapulumuka chifukwa sizinakhale zopanda munthu. Denga likadontha pamapezeka wolimata.

Ngakhale manda a nkhondo yoyamba yapadziko lonse akutiuza zomwezo. Pa 9 Seputembala 1914 Ajeremani, omwe anali atawoloka kale Songwe, anathira nkhondo boma la Karonga. Azungu omwe anafa, a mbali zonse ziwiri, manda awo ndi osesedwa mpaka lero chifukwa pali bungwe la Commonwealth War Graves Commission lowasamalira. Asilikali achikuda omwe anafa tsiku lomwelo sanaikidwe miyala yotero yolembedwa mayina. Zimandiwawa ndithu ndikamadutsa pamenepo.

Chomwe chinapha Old Town si nkhondo koma nyanja. Akuluakulu mukukumbukira 1979 ndi 1980, madzi atakwera mpaka kulowa mʼmakomo. Boma, mothandizidwa ndi dziko la Germany, linasamutsira tawuni kumtunda mʼzaka za mʼma 1980. Msika, depoti, chipatala, maofesi, zonse zinapita ku New Town. Kusamukako kunali kwanzeru, sindikutsutsa. Koma palibe anakhala pansi kufunsa kuti nanga zotsala mʼmbuyozi titani nazo. Nyumba yopanda munthu simachedwa. Amayamba ndi mileme, kenaka chiswe, kenaka wina wazula zenera usiku, wina lata, wina wilibala ya njerwa. Sipafunika ngakhale chigalimoto chogwetsera.

Kenaka 2009. Chivomerezi chinayamba pa 6 Disembala, chachikulu nʼkubwera pa 19, tonse tikugona panja ndi udzudzu, mvula ili pamsana. Nyumba zambiri zatsopano zinangʼambika ngati chitenje chakale. Ya agogo inangʼaluka ngodya imodzi yakunyanja, nʼkuima. Chaka chomwecho mgodi wa Kayelekera unatsegulidwa, lendi inakwera, mapuloti anakwera mtengo, aliyense nʼkuyamba kulota loji. Kwa ine, ndalama za nthawi imeneyo zinagwetsa makoma akale omwe chivomerezi chinawasiya.

Tibwere pa nyumba yathu. Agogo anaimanga mʼzaka za mʼma 1950 ndi ndalama za ku migodi ya ku Kitwe. Njerwa anaumba okha ndi abale awo, khoma lake njerwa ziwiri kunenepa, zitseko za mlombwa zomwe chiswe chalephera mpaka lero, khonde kuzungulira mbali zitatu. Inu obadwira mʼtauni simudziwa kuti mu Novembala, dzuwa la Karonga likamawotcha mpaka nkhuku kuyasama, mʼnyumba imene ija mumagoneka masana. Azakhali amatiuza kuti mu 1959, nthawi ya Flax Musopole, amuna ankakumana pakhonde lija usiku nyali itazimitsidwa kukamba za Congress, iwo ali kamtsikana kotumidwa madzi akumwa. Bambo athu anabadwira mʼchipinda chakumanzere. Maliro a agogo onse awiri anatulukira pakhomo lomwe lija.

Wina anandifunsa kuti kodi boma silingaiteteze? Lamulo lilipo, Monuments and Relics Act la mu 1990, ndipo malo ngati phiri la Mbande, likulu lakale la a Kyungu, ndi otetezedwa. Koma nyumba ya munthu wamba ngati yathuyi siili pa mndandanda umenewo. Tikasainira, wogulayo angathe kuigwetsa mawa lake. Zimandiseketsa pena: ku myuziyamu yathu, yomwe inatsegulidwa mu 2004, alendo amabwera kudzaona Malawisaurus ndi kumva za chibwano chomwe chinapezeka ku Uraha mu 1991, cha zaka zoposa 2 miliyoni. Koma nyumba ya zaka 70 yatikanika, eti.

Achimwene, sindikukunyozani. Fizi ya ana ndi yeniyeni, denga likudonthadi, ndipo nyanja inakweranso mu 2024 tonse tikuona. Ndalama za wogulayo si zamasewera. Koma tikagawana anthu asanu ndi awiri, aliyense atenga zongokwanira fizi ya chaka chimodzi kapena ziwiri, basi.

Maganizo anga ndi awa. Ngati nʼkugulitsa, tigulitse chigawo chakumbuyo kuli mango kuja, nyumba isakhudzidwe. Ndinapita ndi mmisiri, akuti chofunika ndi kusokanso ngodya yongʼalukayo, kuthira lintala kuzungulira khoma, ndi kusintha malata a mbali yakunyanja. Ine ndaikapo matumba 10 a Kilombero ndikangokolola, mchenga ndidzatuta ndi ngolo yanga. Ikatha tiikemo wa lendi, mphunzitsi kaya namwino, chipinda chimodzi chitsale cha inu mukabwera ku maliro kapena ku ukwati.

Pa Khirisimasi tikumane pakhonde pomwepo, azakhali akhalepo. Amene ali ndi chithunzi cha agogo ataima pakhomo ndi njinga yawo ya Humber abwere nacho, ndipo amene akusunga mapepala a puloti asapereke kwa munthu tisanakumane.