Shoti

Makanika wa ku Kapata m'Chipata kapena wa m'mbali mwa msewu wopita ku Mwami akanena kuti galimoto "yachita shoti", amatanthauza kuti magetsi asiya njira yawo n'kudutsa chidule. Mawuwa anachokera ku Chingerezi, koma musawasokoneze ndi kushota kwa ndalama pamsika.

Batire la galimoto yaing'ono limatulutsa mavoti 12. Waya akasupuka n'kukhudza chitsulo, magetsi amathamanga mopyola muyezo, fyuzi n'kupsa. Shoti yeniyeni ndi imeneyo. Madzi nawo amayambitsa vutoli mwakachetechete: m'dzinja amalowera pa labala wakutha wa galasi lakutsogolo kapena wa chitseko, amadikha pansi pa kapeti pomwe pamadutsa mawaya, ndipo dzimbiri limayamba kudya polumikizira. Kenako nyali zimaphethira, mawindo amakana kutsika, batire limatha usiku umodzi.

Chovuta n'chakuti muno m'Chipata vuto lililonse la magetsi timangoti shoti, ngakhale waya atangoduka. Ulesi umenewu umaluzitsa anthu pamkangano wa galanti. Wogulitsa galimoto akamva "shoti" amathamangira kunena kuti munawoloka mtsinje wodzaza kapena munalumikiza wailesi molakwika, choncho mlandu ndi wanu.

Uzani makanika alembe pomwe madzi analowera, mujambule ndi foni, musunge malisiti. Wogulitsa akapitiriza kukana, kadandauleni ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe logwira ntchito pansi pa lamulo la 2010 loteteza ogula.